Ndinatera ku Oshkosh osatulutsa liwu pa wailesi

Usiku wa Lachisanu, pa 22 Julaye 2022, ine ndi alamu anga tinali pakhonde kunyumba kwanga ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, tikuika katundu pa sikelo ya kubafa chimodzichimodzi. Tenti, matiresi awiri opopa, zofunda, mipando yopinda, chigubu cha madzi, chikwama cha zovala cha aliyense. Ine ndinkalemba kulemera kwa chilichonse papepala. Alamu anali atabwera ndi mphika, mthiko, kambaula ka gasi ndi thumba la ufa woyera umene apongozi anatitumizira kuchokera ku Ntcheu.

"Alamu, masiku asanu athunthu osaona nsima?" anandifunsa.

Ndinawaonetsa pepala lija. Ndege imene tinkapita nayo ndi Cessna 172 ya 1978, ya kalabu yathu imene timasonkherana anthu angapo. Ikadzaza isapitirire mapaundi 2,300. Mukachotsapo kulemera kwa ndegeyo payokha, mumatsala ndi mapaundi pafupifupi 850 oti mugawe pakati pa anthu, mafuta ndi katundu. Mafuta odzaza matanki ndi magaloni 40, ndipo galoni iliyonse imalemera mapaundi 6. Ife awiri tinali 390. Katundu anayenera kukhala wosapitirira 220, koma papepala panali 260. Ndinawauza kuti chilichonse chimene tiumirire kunyamula chichotsa mafuta m'thanki, ndipo kumene tikupitako mafuta ndi amene amagula nthawi yodikira. Ufa, mphika ndi mbaula zinabwerera kukhitchini. Chigubu cha madzi tinachikhuthula, poti madzi akumwa alipo komweko.

Amene simunamvepo za malowa, Oshkosh ndi tauni ya m'chigawo cha Wisconsin, m'mphepete mwa nyanja ya Winnebago. Kumapeto kwa Julaye chaka chilichonse, bungwe la okonda ndege la EAA limachititsako msonkhano wa sabata yathunthu wotchedwa AirVenture, pa bwalo la ndege la Wittman. Bungweli analiyambitsa Paul Poberezny ku Milwaukee mu 1953, pamodzi ndi anzake ochepa amene ankadzipangira ndege kunyumba kwawo. Msonkhanowo unakhalako zaka zingapo ku Rockford, n'kudzakhazikika ku Oshkosh mu 1970. Chaka chimene ife tinapita kunafika anthu pafupifupi 650,000 ndi ndege zoposa 10,000, kuwerengera ndi zimene zinatera m'mabwalo oyandikana nawo. Sabata imeneyo palibe nsanja yoyang'anira ndege padziko lonse imene imatanganidwa kuposa ya pa Wittman. Ine ndinakulira kufupi ndi Chileka, kumene ndege imodzi ikadutsa tinkasiya mpira n'kuyang'ana kumwamba mpaka itazimiririka. Nditatenga laisensi kuno ku America, mtima wanga wonse unali woti tsiku lina ndikatere ndekha ku Oshkosh ndi kugona pansi pa phiko. Pa nthawiyo ndinali nditauluka maola osakwana 200.

Chinthu choyamba chimene aliyense wopita kumeneko ayenera kuchita si cha m'ndege ayi, ndi cha patebulo. Bungwe la boma loyang'anira za ndege, FAA, limatulutsa kabuku ka malamulo apadera a sabata imeneyo, kamene oyendetsa ndege amangokatcha NOTAM. Ka 2022 kanali ka masamba 32. Kamasintha pang'ono chaka ndi chaka, choncho manambala amene ndilembe pano musaulukire, mukatenge ka chaka chimene mukupitacho. Ine ndinakasindikiza, ndinakawerenga kangapo, ndipo masamba okhudza njira yolowera ndi misewu yoterapo ndinawaika zizindikiro za mitundu kuti alamu azitha kunditsegulira mwachangu. Alamuwo sayendetsa ndege, koma ndinawapatsa ntchito ziwiri: kugwira kabukuko, ndi kuyang'ana panja n'kundiuza ndege iliyonse imene aiona, ngakhale akuganiza kuti ndaiona kale. Tinagwirizananso kuti tikangolowa pamzere wa ndege zopita kukatera, nkhani zina zonse zithe.

Masabata awiri ulendo usanafike ndinayeserera kangapo kuuluka pa liwiro la ma knots 90 ndendende (knot ndi muyeso wa liwiro la ndege) popanda kukwera kapena kutsika, ndiponso kutera pamalo amene ndasankha pamsewu wa ndege. Zimenezi zinandithandiza. Chimene sindinayeserere ndicho kusiya mzere n'kubwerera, ndipo ndi chimene chinadzandivuta.

Loweruka tinanyamuka kukucha. Kuchokera ku South Bend, njira yowongoka yopita ku Oshkosh imadula pakati pa nyanja ya Michigan. Nyanja imeneyi kukula kwake ndi pafupifupi kawiri nyanja ya Malawi, ndipo madzi ake amazizira ngakhale mu Julaye. Ndi injini imodzi sindinafune kuiwoloka. Tinalowera ku Gary, n'kutsata gombe kudutsa Chicago, tikuuluka motsika kuti tisalowe m'dera la ndege zikuluzikulu za pa O'Hare. Nyumba zosanja za mumzindawo zinali kumanzere kwathu, zina zikuoneka ngati zikulingana ndi zenera. Alamu anajambula mpaka foni kutentha. Ochokera ku South Bend kumbukirani kuti Wisconsin ili m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo nthawi zonse za m'kabuku kaja n'za kumeneko.

Patatha maola awiri osakwana tinatera ku Juneau, pa kabwalo ka Dodge County, kukathira mafuta. Kunena zoona mafuta amene tinali nawo akanatifikitsa ku Oshkosh n'kutsalako. Koma amene anapitako kale onse anandiuza mawu amodzi: usafike pamzere ndi matanki osadzaza, komanso usafike uli ndi mkodzo. Bwalo likhoza kutsekedwa mwadzidzidzi chifukwa ndege ina yaphulika tayala pamsewu, kapena gulu la ndege zamtundu umodzi likutera pamodzi, ngati a Bonanza kapena a Mooney amene amabwera ambirimbiri nthawi imodzi. Zikatero enanu mumangozungulira. Tinadzaza matanki, tinapita kuchimbudzi, tinadya masikono, ndipo ndinatulutsa pepala limene ndinalembapo zilembo zitatu zikuluzikulu ndi cholembera chakuda, GAC. Limeneli ndi limene mumaonetsa pagalasi mukatera, kuti okulondolerani adziwe kuti ndinu a ndege wamba ndipo mukugona pomwepo. Ongoimika ndege osagona amalemba GAP, a ndege zakale zopangidwa isanafike 1971 amalemba VAC, odzipangira okha HBC.

Tili m'mwamba ndinatsegula wailesi pa 125.9, pamene amalengeza za nyengo ndi malo oyambira mzere. Kale aliyense ankayambira pa tauni ya Ripon, koma kuyambira 2021 anawonjezera malo atatu kumadzulo kwake kuti mzere uzitalika ndege zikachuluka: nyanja ya Green Lake, nyanja ya Puckaway, ndi mlatho wa Endeavor. Nthawi imene tinamvetsera ankati tiyambire ku Puckaway. Ndinayatsa magetsi onse, ndinatsika kufika mafiti 1,800 pa geji, kumene kuli ngati mafiti 1,000 kuchokera pansi, ndinachepetsa liwiro kufika 90, n'kusintha wailesi kupita pa 120.7. Ndege zimene sizingauluke bwino pa liwiro lotsika chotero zimakhala pamwamba pathu, mafiti 2,300 pa ma knots 135.

Ndiye pamene ndinaona zimene sindinaonepo. Kumene ndinazolowera, ukaona ndege ina imodzi m'mwamba umaiyang'anitsitsa. Apa alamu anayamba kuwerenga: "Imodzi kutsogolo kumanja. Ziwiri kumanzere. Ina pamwamba pathu. Alamu, inanso ikubwera uko." Zinali ngati mbalame zikubwerera kogona madzulo, zonse zikulowera njira imodzi. Lamulo ndi loti upeze ndege yoti uitsatire, usiye mpata wa theka la mailosi, mamita pafupifupi 800, ndipo ukhale kumbuyo kwake ndendende. Kupitirirana n'koletsedwa, kuyenda mbali ndi mbali n'koletsedwa, kukhotakhota pofuna kutaya nthawi n'koletsedwanso. Mpata ukakana, umachoka pamzere n'kukayambiranso.

Ndipo pa wailesi suyankhula. Ichi ndicho chimasokoneza munthu wophunzitsidwa bwino, chifukwa kuyambira tsiku loyamba mphunzitsi amakuuza kuti uzibwereza chilichonse chimene a nsanja anena. Ku Oshkosh ndege zikhoza kudutsa zingapo pa mphindi imodzi, ndiye aliyense atati aziyankha, palibe angamve kanthu. Oyang'anira amakhala pansi pa kamudzi ka Fisk, mamailosi 5 bwalo lisanafike, atagwira zoonera patali. Sakuitana ndi nambala ya ndege. Amatchula mtundu wake ndi utoto wake, n'kukuuza kuti ugwedeze mapiko. Ukagwedeza, adziwa kuti wamva.

Tinapeza kandege kachikasu ka mapiko apamwamba n'kukatsatira. Tinadutsa Green Lake bwinobwino, tinafika pa Ripon, tinaona njanji imene imalowera kumpoto chakum'mawa, tinakhala pamwamba pake penipeni monga kabuku kamanenera. Koma kandege kachikasu kaja kankakula pagalasi. Kanali ka mtundu wakale kamene sikafika 90 ngakhale woyendetsa atapereka mphamvu zonse. Ndinachepetsa kufika 85. Kenako 80. Ndinatsitsa mafulapu (tizitseko ta kumbuyo kwa mapiko tothandiza kuuluka pa liwiro lochepa) pang'ono. 75. Ndinkadziwa bwino lomwe zimene kabuku kamanena, koma mumtima ndinkati tafika kale, kwatsala mphindi zitatu, ndingopirira. Sindinaganize kuti ndikachepetsa ine, amene ali kumbuyo kwanga nayenso achepetsa, ndipo wina kumbuyo kwenikweni ali ndi ndege yolemera imene pa liwiro limenelo ikhoza kusiya kuuluka.

Alamu anati chapansipansi, "Alamu, tayandikira kwambiri. Ndikutha kuwerenga nambala yake."

Ndisanayankhe, mawu anamveka pa wailesi. Kandege kachikasu anakauza kagwedeze mapiko, kapitirire. Kenako anati Cessna yoyera ya mzere wabuluu, mpata wanu wachepa, khoterani kumanzere mubwerere mukayambirenso. Mawuwo sanali aukali, ndipo sanaime kudikira kuti ndimve bwanji, anapitirira kwa wotsatira. Chala changa chinapita chokha pa batani la wailesi kuti ndifotokoze kuti wolakwa si ine. Ndinachichotsapo. Ndinayang'ana kumanzere, alamu anayang'ana kumbuyo, ndinaonjezera mphamvu, ndinakweza mafulapu, tinakhota.

Mphindi zotsatirazo ndi zimene ndikufuna mumvetse, chifukwa ndi pamene ngozi imabisala. Ndinali nditakwiya, manyazi atandigwira pamaso pa alamu, malaya atanyowa kumsana. Munthu wotero amafuna kulowanso pamzere paliponse pamene waona kampata, n'kudula anzake. Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi geji ya mafuta. Inkaonetsa kuti ndili ndi maola oposa atatu. Panalibe chothamangira. Tikubwerera kumadzulo tinamva kuti bwalo laimitsa kaye kulandira ndege, aliyense azungulire pamene ali. Tinazungulira Green Lake pafupifupi mphindi 40, tili pamzere wa ndege zimene sindinathe kuziwerenga, liwiro lomwelo, kutalika komweko. Ndinali nditalemba kale papepala kuti mafuta akatsika kufika ola limodzi ndi theka, ndichoka kupita ku Fond du Lac kapena kubwerera ku Juneau, popanda kukambirana. Lembani nambala yanu muli pansi, mutu uli bwino. M'mwamba, bwalo likuoneka chapatali, munthu amadzinamiza.

Atatsegulanso, tinapezeka kumbuyo kwa Piper Cherokee imene inkasunga 90 ngati yajambulidwa. Ripon, njanji, kenako magetsi othwanima a pa Fisk. "Cessna yoyera ya mzere wabuluu, gwedezani mapiko." Ndinagwedeza mwamphamvu, kumanzere, kumanja, mpaka alamu kugwira chitseko. Kugwedeza kwamanyazi sikuoneka kuchokera pansi, ndipo akapanda kukuona amakubweza. Anayamikira kugwedezako, anatiuza titsate njanji kupita ku msewu 27, timvetsere 118.5. Alamu anali atatsegula kale tsamba lake.

Pamisewu ya ndege ya ku Oshkosh amapakapo madontho akuluakulu a utoto, kuti ndege ziwiri kapena zitatu zizitera pamsewu umodzi nthawi imodzi, iliyonse pa dontho lake. Ukamatera pa 27 umayamba kupeza la olenji, lobiriwira lili patsogolo. Tinadutsa kumpoto kwa msewuwo, pansi pathu pali mizere ya ndege ndi matenti mpaka kumene maso amalekezera, kutsogolo nyanja ya Winnebago ikunyezimira. A nsanja anatiuza tiyambe kutsika, kenako tikhote. Kukhota komaliza kumeneku, kolunjika pamsewu, ndiko kwapha anthu pamisonkhano yotere. Munthu ali pansi, liwiro lachepa, akuona kuti wapitirira mzere wa msewu, makamu a anthu akumuyang'ana, ndiye amakoka chiwongolero kuti akhote msanga, phiko n'kusiya kunyamula. Ndinali nditauza alamu kuti pamenepa aziwerenga geji ya liwiro mokweza. "70. 70. 68. 70." Mawu awo ndi amene ndinkamva kuposa china chilichonse. Ndinali nditatsimikizanso kuti chikangosokonekera chilichonse ndipereka mphamvu n'kukwera, poti palibe amakudzudzula ukatero.

Anatipatsa dontho lobiriwira, n'kuwonjeza kuti ndisagunde pansi msanga chifukwa kumbuyo kuli ina yotera pa la olenji. Ndinaonjezera mphamvu pang'ono, tinayandama pamwamba pa msewu ngati mamita awiri, la olenji linadutsa pansi, lobiriwira linafika, ndinadula mphamvu. Matayala analira pang'ono kupitirira dontholo. A nsanja anati tipatukire pa udzu msanga, titsate okupiza manja, n'kumaliza ndi mawu amene woyendetsa ndege aliyense amapitira kumeneko kukamva: "Welcome to Oshkosh." Kuyambira ku Puckaway mpaka pamenepo sindinatulutse liwu limodzi pa wailesi. Alamu anandimenya paphewa, ndipo nditawayang'ana maso awo anali atalengeza misozi.

Musamasuke msanga, ntchito isanathe. Pa udzu mumayenda pang'onopang'ono, chiwongolero mutachikokera pamimba kuti chopukusa mphepo chakutsogolo chisagunde pansi pa zigwembe. Alamu anagwira pepala la GAC pagalasi, ndipo anthu ongodzipereka ovala zowala ankatipatsirana, uyu kutilozera kwa uyo, kwa mphindi pafupifupi 20, mpaka tinafika pamzere wathu ku North 40, dambo lalikulu lozungulira msewu umene tinaterapo. Nditazimitsa injini anatithandiza kukankhira ndege pamalo pake, n'kutikumbutsa kuti tiimangirire tisanapite kulikonse. Kumeneko zomangira mumabwera nazo nokha, ndipo ndege iliyonse iyenera kumangidwa.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Pofuna kuchepetsa kulemera, ndinagula zikhomo zitatu zopotana ngati sikuluwu, zimene anthu amamangirapo agalu pabwalo. Ndikuzipotera pansi, bambo wina wachikulire wa ndege yoyandikana nafe anabwera n'kuima chete akuyang'ana. Anali wa ku Iowa, ndipo iye ndi mkazi wake akhala akubwera kwa zaka zoposa 30. Anandifunsa ngati ndaona za nyengo ya madzulo amenewo. Kenako anagwada, anagwira chikhomo chimodzi, anachigwedeza uku ndi uku, n'kundionetsa mmene dothi lamasukira mozungulira. Anati pouma zimagwira, koma mvula ikanyowetsa pansi zimazuka ngati chinangwa, ndipo ndege yanga ikazuka sigwera ine ndekha, igwera yake. Anapita m'ndege mwake n'kubwera ndi kathumba ka zitsulo zowongoka zisanu ndi zinayi, zotalika ngati mkono, ndi timbale titatu tachitsulo tobooka. Pamalo aliwonse omangira amakhoma zitsulo zitatu mopendeka, chilichonse kuloza kwake, kotero kuti chingwe chikakoka, zitsulozo zimatsutsana m'dothi. Tinakhoma ndi hamala yake, ziwiri pansi pa mapiko motalikirako pang'ono kunja, imodzi kumchira. Anandipatsanso timatabwa titatu toika pansi pa matayala kuti asatitimire. Anandiuza za 2010, pamene mvula inagwa yambiri msonkhano usanayambe mpaka madambo onse kusanduka matope, chaka chimene mpaka lero amachitcha Sloshkosh. Safunsa anadya phula. Ine ndikanadya ndithu, mwayi wanga unali woti wodziwa anabwera yekha.

Madzulo amenewo kumadzulo kunada bii. Mafoni a anthu onse analira nthawi imodzi kuchenjeza za mkuntho. Bambo uja anatiuza tigwetse tenti, tiipanikize ndi mipando, timange chiwongolero cha ndege kuti mphepo isamenyetse zipsepse zake, tichoke pansi pa mapiko. Tinathamangira ku nyumba yosambiramo, kumene tinadzazana ndi anthu ambiri, ena atanyamula ana. Mphepo itafika, mvula inkayenda chopingasa. Ndinaona tenti ya munthu ikugubuduka pakati pa mizere ya ndege, zikhomo zake zikulendewera. Ndege yathu sinkaoneka, ndipo ndinkangoganiza za anzanga a kalabu amene anandikhulupirira nayo. Patapita nthawi kunachita bata. Tinabwerera tikuponda m'madzi, mipando ndi nsalu zili mbwee. Cessna yathu inali pomwe tinaisiya, chingwe chimodzi chitakhwefuka pang'ono basi. M'mawa mwake tinamva kuti ndege zina pabwalopo zinawonongeka. Ndinayesa kupotera pansi chimodzi cha zikhomo zanga zija pa dothi lonyowalo, n'kuchikoka ndi dzanja limodzi. Chinatuluka.

Zovala zathu zinapulumuka chifukwa zinali m'mapepala apulasitiki m'ndege. Zofunda tinazisiya m'tenti, ndipo zinanyowa zonse. Usiku umenewo tinagona titavala majekete, titafunda bulangeti limodzi limene mayi a ku Iowa aja anatibwereka. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse tinkapinda zofunda n'kuziika pampando wakumbuyo wa ndege, n'kuzitulutsa pogona. Chitani zimenezo kuyambira tsiku loyamba, ngakhale kumwamba kuli mbee.

Za masiku otsatirawo ndingalembe zambiri, koma ambiri analemba kale za zionetsero za masana ndi ndege za nkhondo yachiwiri. Ine chimene chinandikhala mumtima ndi Lamulungu, msonkhano usanatsegulidwe n'komwe. Tinayanika zofunda pa chitsulo chogwira phiko, tinatenga mipando yathu ndi kawailesi kam'manja, tinakhala m'mphepete mwa msewu 27 tsiku lonse tikuonerera anzathu akutera. Ukamamva mawu a oyang'anira aja, amene amavala malaya apinki, uku ukuona ndege zimene akuzilankhula, umamvetsa chifukwa chake anakubweza dzulo. Iwo akuona mzere wonse, iwe ukuona mchira wa mnzako basi. Ndinaona ndege zingapo zikukweranso zitalephera kutera bwino, ndipo anthu okhala pa udzu ankaziombera m'manja.

Moyo wa pa North 40 ndi wosavuta ngati wakonzeka. Kugona pamenepo kumafuna kuti mmodzi wa inu akhale membala wa EAA. Mumalipira pa usiku uliwonse, osachepera mausiku atatu, ndipo chibangili cholowera kumsonkhano mumagula padera. Ana osapitirira zaka 18 ankalowa ulere. Kuli mabafa a madzi otentha, koma pitani mbandakucha kapena masana, chifukwa m'ma 7 koloko mzere wake ndi wautali. Kuli malo otchajira mafoni, ndipo mabasi achikasu a sukulu amazungulira dambolo ulere. Tulo ta m'mawa iwalani: bwalo limatsegulidwa 6 koloko ndipo injini zimayamba kulira pomwepo, mamita ochepa kuchokera pa tenti. Limatsekedwa 8 koloko madzulo, komanso masana nthawi ya zionetsero, choncho wobwera kapena wochoka aziwerengera zimenezo. Tengani nsapato zoti muyende nazo tsiku lonse, chipewa, ndi botolo la madzi. Alamu anapsa khosi ndi dzuwa mpaka kusupuka, munthu woti anakulira kumunda.

Lolemba ndinalowa m'kalasi yophunzitsa kulumikiza malata a ndege ndi timisomali tofinya, imodzi mwa makalasi ambiri amene salipiritsa padera. Wondiphunzitsa anali mayi wina amene anamanga ndege yake m'galaja kwa zaka zingapo. Anatenga kachidutswa kanga, anayendetsa chala pa timisomali tonse, n'kundionetsa tiwiri timene ndinafinya mopendeka. Kachidutswako ndinabwera nako, kali pa shelefu. Tinapitanso ku tenti ya alendo a mayiko akunja, kumene anthu amalembetsa dziko lawo, ndipo alamu analemba Malawi ndi zilembo zazikulu. Anthu a ku South Africa amabwera ambiri chaka chilichonse. Mmodzi wa iwo ataona zimene alamu analemba anatipatsa moni kuti "Muli bwanji", n'kutiuza kuti anaterapo pa Chileka ndi ku Likoma ndi ndege yaing'ono. Tinacheza naye ola lathunthu titaimirira. Lachitatu usiku kunali chionetsero cha mumdima, ndege zikuuluka zitamangirira zophulitsa zowala kumapiko, ndipo tinachionera titagona chagada pa udzu.

Tinachoka Lachinayi m'mawa. Ndege imene yakhala panja masiku asanu, mvula itaigwera, muiyendere ngati simukuidziwa. Nditakhetsa mafuta pang'ono pansi pa phiko lakumanzere m'kabotolo koyezera, pansi pake panakhala timadontho ta madzi, toyera pansi pa mafuta abuluu. Ndinakhetsa kanayi mpaka anatha, ndinagwedeza phiko, ndinadikira, ndinakhetsanso. Ndinazungulira ndege kawiri kuonetsetsa kuti zingwe zonse zitatu zamasulidwa. Injini simuilizira pamzere, chifukwa mphepo yake igwetsa matenti a anzanu. Mumaikokera kaye pakanjira ndi manja, ndipo oyandikana nanu amabwera okha kudzathandiza. Pagalasi tinaika pepala lina lolembedwa VFR, kusonyeza kuti tiuluka modalira kuona panja ndi maso. Ponyamuka napo suyankhula: oyang'anira amaima m'mbali mwa msewu, amatiika awiriawiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo apa amakuitana ndi nambala. Mukanyamuka pa 27 simukwera kupitirira mafiti 1,300 mpaka mutatuluka m'dera la bwalolo, chifukwa pamwamba panu pakudutsa amene akubwera.

Tisanakwere ndinatsuka zitsulo zija pampopi, ndinazipukuta, ndinazibweza kwa mwini wake pamodzi ndi bulangeti. Ndinafuna kumulipira, anakana. Anandijambulira papepala kukula kwa timbale tija ndi mmene timabowo timapendekera, n'kunena kuti chaka chamawa ndibwere ndi maseti awiri, ina ya munthu amene adzaime pafupi nane.

Sabata yotsatira ndinapita ku sitolo ya zitsulo ndi pepala lija. Anandidulira zitsulo 18, ndipo mnzanga wina wa ku kalabu anandiboolera timbale. Seti imodzi, pamodzi ndi hamala ndi zingwe, ndinaiika pa sikelo ya kubafa ija: mapaundi 10. Pa pepala la katundu wa ulendo wotsatira ndinalemba 20, pamzere woyamba, pamwamba pa tenti.